Vinyo woyera wa ku Robertson uja, tidyere nsomba yanji?

Anaphiri a ku Luchenza: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni nzeru. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Cape Town abwera Lachisanu lapitali ndiye andibweretsera botolo limodzi la vinyo woyera, pa botolopo palembedwa Springfield Estate, Life from Stone, Sauvignon Blanc, Robertson. Akuti anakagula ku famu konko, ndi famu ya banja. Nde Loweruka likubwerali bambo athu akukwanitsa zaka 70 ndipo bambowo nyama anasiya kalekale, iwo ndi nsomba basi. Ndikufuna titsegule botololi tsiku limenelo koma sindikufuna ndiliononge ndi ndiwo zosagwirizana nalo poti ndi limodzi lokha. Nsomba yanji, ndipo ndiphike bwanji?

Mai a Yamikani: Mwaswera Anaphiri. Ambuye awadalitse bambowo, 70 si masewera. Za vinyo ena ayankha, koma nsomba ndiuzeni msanga chifukwa Lachisanu ndikukolola damu limodzi, makumba akula bwino ndithu.

Shefu wa pa Chitakale: Anaphiri, chambo chachiwisi. Chootcha pa makala, mchere, ndimu, basi. Chikasowa chambo makumba a Mai a Yamikaniwo ndi abwino kwambiri, ndi pachibale pomwepo ndi chambo. Musaike tomato wambiri, musaike curry.

Junior wa ku Muloza: Ine ndimve kaye. Achimwene anga ali ndi lina longa lomwelo ndipo kumbuyo kwake kuli mawu oti dry. Chakumwa chamadzi chingakhale chouma bwanji?

Aphunzitsi: Funso labwino Junior, ambiri amasokonezeka pomwepo. Dry pa vinyo ndiye kuti wosatsekemera. Mphesa zikapsa zimakhala ndi shuga wambiri, akafinya madzi ake yisiti imadya shuga uja nkutulutsa mowa ndi mpweya. Akaisiya yisiti idye mpaka shuga atatsala pang'ono kutheratu, vinyoyo ndiye amati dry. Ku Ulaya lamulo lawo limati shuga wotsala asapyole magalamu 4 pa lita, kupatula ngati vinyoyo ali wowawasa kwambiri, apo amalola mpaka 9. Magalamu 4 ndi ngati kasupuni kamodzi ka tiyi mu lita yathunthu, ndiye lilime silimva nkomwe. Akaimitsa yisiti isanamalize ndi pamene mumapeza vinyo wotsekemera uja amakonda anthu pa maukwati.

Anaphiri a ku Luchenza: Aphunzitsi nde mwandiopsa pang'ono. Bambo amakonda tiyi wa shuga masupuni atatu. Sakaona ngati ndawapatsa mankhwala?

Aphunzitsi: Ayi musaope, mvetserani mbali inayi. Sauvignon Blanc ndi mtundu wa mphesa wonunkhira kwambiri. Mukathira mu galasi nkununkhiza mumva magalagadeya, gwafa, nthawi zina ngati tsabola wobiriwira uja wosawawa kapena udzu wongotchetcha kumene. Sanathiremo zipatso ayi, ndi mphesa zokhazokha, koma tizinthu tomwe timanunkhira mu magalagadeya timapezekanso mu vinyo ameneyu akafufuma. Ndiye mphuno imakuuzani kuti kukubwera chotsekemera, pakamwa nkupeza chowawasa mozizira ngati ndimu. Kusiyana kumeneko ndi kumene anthu amalipirira ndalama. Ingowauzani bambo asanamwe kuti sizitsekemera, ndipo ayambe aluma nsomba kenako ndi pamene apsontheko.

Shefu wa pa Chitakale: Aphunzitsi anena zoona pa nkhani yoyamba kuluma nsombayo. Ine ku loji komwe ndimagwira ndaona kambirimbiri, mlendo akalawa vinyoyu payekha amakwinya nkhope, mbale ikafika amaitanitsa galasi lachiwiri. Taganizani chifukwa chomwe timafinyira ndimu pa chambo. Chowawasa chija chimadula mafuta a pa khungu ndipo chimachepetsa fungo la nsomba, kukamwa kumakhala ngati mwatsuka, nthongo yotsatira imakomanso ngati yoyamba. Vinyoyu akugwira ntchito ya ndimu yomweyo kungoti iye akubweretsanso fungo lake.

Mmene ndingachitire ine: nsomba mupale mamba, muchotse matumbo ndi makha onse, kenako kachinthu kakuda kaja ka m'mimba mukapale bwinobwino chifukwa nkamene kamawawa. Mucheke mizere itatu mbali iliyonse. Mchere, adyo pang'ono wosinja, madzi a ndimu, musiye mphindi 20 osapitirira chifukwa ndimu akakhalitsa amayamba kuphika mnofu nkuufewetsa. Makala akhale oti lawi latha, atuwa phulusa pamwamba. Waya mupake mafuta. Ndipo chonde musamangoitembenuza, kamodzi kokha basi, khungu likapsa limadzichotsa lokha pa waya.

Mai a Yamikani: Makumba anga ndikawakolola ndimawasunga amoyo tsiku limodzi m'madzi oyera oyenda ochokera ku kamtsinje, osawapatsa madeya, fungo la matope limachepa. Anaphiri ngati mukufuna ndikupatulireni asanu ndi limodzi akuluakulu, mudzatenge Loweruka mmawa akuphiriphitha.

Anaphiri a ku Luchenza: Mai a Yamikani ndisungireni, ndikuimbirani madzulo. Koma bambo amakondanso mlamba wowamba wa ku Chilwa wophika ndi tomato ndi nsinjiro, ndimaganiza ndiphikenso umenewo.

Shefu wa pa Chitakale: Phikani ndithu poti ndi tsiku lawo, koma vinyoyo asakumane nawo. Utsi wa mlamba wowamba ndi wamphamvu, nsinjiro ndi zolemera, fungo lonse la magalagadeya lija lidzangosowa ngati simunatsegule kanthu. Chimodzimodzi usipa wouma kapena matemba. Muyambe ndi makumba ootcha ndi vinyo, kenako nsima ndi mlamba zibwere pambuyo ndi madzi kapena thobwa.

Junior wa ku Muloza: Apa nde ine sindikugwirizana nazo a Shefu. Chifukwa chani zakudya zathu zenizeni nthawi zonse zimakhala zosayenera? Usipa ndi umene timadya tsiku ndi tsiku, chambo pano ndi cha anthu a ndalama.

Shefu wa pa Chitakale: Junior sindinanyoze usipa, ine ndinakulira usipa womwewo. Usipa wofutsa kapena wauwisi wokazinga mpaka kuuma kuti khrrr, mchere ndi ndimu, umenewo ndi vinyo ameneyu zimagwirizana koopsa, mwinanso kuposa chambo. Ku Portugal ndi ku Spain amadya tinsomba tating'ono tokazinga ndi vinyo woyera wowawasa chomwechi. Umene ndikukana ndi wouma pa thandala uja wokhalitsa pa msika umene umayamba kuwawa, chifukwa kuwawa kuja vinyo amakukweza. Nkhani ndi kaphikidwe osati mtengo wa nsomba.

Junior wa ku Muloza: Apo ndamva. Ndiyesa ndi wofutsa.

Wolawa tiyi: Ndalowa mochedwa, tinali ku fakitale. Ine ntchito yanga ndi kulawa tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo ndiye nkhani iyi yandikoka. Palibe amene wanena chifukwa chomwe sitikunenera vinyo wofiira. Mukaphika tiyi wopanda mkaka nkumusiya masamba akhalitse, mukamwa mumamva kukamwa kuuma, lilime kukhakhala ngati mwadya nthochi yosapsa. Ife timati ndi tannin. Vinyo wofiira ali ndi zomwezo chifukwa amafufumitsa pamodzi ndi makoko ndi njere za mphesa. Woyera amafinya nkutaya makoko msanga ndiye alibe zambiri. Nyama ya ng'ombe yamafuta imalimbana nako kukhakhala kuja, koma mnofu wa chambo ndi wofewa, umangogonja. Yesani kunyumba, lumani chambo nkumwera tiyi wakuda wokhathamira, mudzamva zomwe ndikunena.

Aphunzitsi: Ndiwonjezere pa mawu a Wolawa tiyi. Mu 2009 akatswiri a ku Japan anapeza kuti chitsulo chosungunuka chomwe chimapezeka mu vinyo wina, makamaka wofiira, ndi chimene chimadzutsa fungo loipa la nsomba m'kamwa mukamaliza kumeza. Chimakumana ndi mafuta a nsomba aja. Ndiye si mwambo wa azungu chabe, pali chifukwa chake.

Anaphiri a ku Luchenza: Ndawalowetsa achimwene mu gulu, afotokoze okha za kumene anagula.

Achimwene a ku Cape: Moni nonse, zikomo pondilandira. Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba ndipo ndasangalala kuti botolo limodzi labweretsa sukulu yonseyi. Robertson ili mkati, pafupifupi maola awiri pa galimoto kuchoka ku Cape Town, m'chigwa cha mtsinje wa Breede. Ndi kouma, kotentha masana, minda amathirira ndi madzi a mtsinjewo. Ine ndinapita ndi abwana anga kukatenga katundu ndiye tinaima pa famupo. Eni ake ndi banja la a Bruwer, amene amapanga vinyo ndi a Abrie Bruwer ndipo amayendetsa limodzi ndi mlongo wawo a Jeanette. Makolo awo anali ma Huguenot, Akhristu a ku France amene anathawa chizunzo nkufika ku Cape mu 1688. Dzina loti Life from Stone ndi chifukwa choti munda wa mphesa zimenezi ndi miyala yokhayokha, ndinaona ndi maso anga, ife kuno munda wotero tikanati ngosalimika. Mpesa umavutika, umabereka zochepa, koma zochepazo zimakhala ndi kakomedwe kambiri. Ena amati mukanunkhiza mumamva ngati mwagundanitsa miyala iwiri, kafungo ka moto kaja.

Ali ndi wina woyera dzina lake Miss Lucy amene anapangira dala nsomba za m'nyanja, dzinalo ndi la nsomba ina yofiira ya kumeneko yomwe asodzi amaitchula choncho. Ndinafuna nditenge onse awiri koma chikwama chinakana, basi ya ku Joni mukuidziwa katundu wake.

Chimene chinandigwira mtima nchoti bambo athu agwira ntchito m'minda ya tiyi zaka zonse za moyo wawo, amadziwa kuti mbewu yomweyo ikabzalidwa pa phiri ndi ku dambo sikoma mofanana. Ndinafuna alawe chinthu chopangidwa ndi anthu amene amaganiza ngati iwo.

Wolawa tiyi: Achimwene mwanena mawu. Ndi zomwezo ndi tiyi. Tiyi wa nthawi ya mvula amakula msanga, masamba ambiri koma kapu yake ndi yopepuka, wa nthawi yozizira amakula pang'onopang'ono ndipo fungo limakhala lambiri. Ndipo za banjazo tili nazo konkuno, Satemwa inayamba mu 1923 ndi a Maclean Kay ndipo mpaka lero ili m'manja mwa banja lomwelo, amapanga mpaka tiyi woyera ndi oolong amene ambiri a ife sitinalawepo ngakhale timadutsa pa geti tsiku lililonse. Banja likakhala pa nthaka imodzi zaka zambiri limadziwa kuti kachigawo aka kamapsa msanga, aka kamasunga madzi, zinthu zoti manejala wobwera pa kontrakiti ya zaka zitatu sangazidziwe.

Mai a Yamikani: Nanga bwanji ife sitilima mphesa zimenezi kuno? Nthaka tili nayo, miyala nde pa Mulanje sitisowa.

Aphunzitsi: Vuto ndi mvula Mai. Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, June ndi July, ndipo mphesa zimapsa kuli dzuwa louma, amakolola kuyambira January mpaka March. Ife miyezi imeneyo ndi pamene mvula ili pachimake, ndipo Mulanje ndi Thyolo ndi kumene imagwa kwambiri, kuonjezapo chiperoni. Mphesa zikamapsa pa chinyezi zimagwidwa nkhungu, zimaphulika, shuga sakwera. Chimene chimakondweretsa tiyi ndi chimene chimapha mphesa. Anzathu a ku Tanzania amalima ku Dodoma chifukwa ndi kouma, ndipo amakolola kawiri pa chaka. Kwathu kuno vinyo amene ndikumudziwa ndi wa Linga ku Lilongwe, koma iwo amapangira zipatso zina monga jambula ndi maplamu.

Achimwene a ku Cape: Ndipo kumeneko anayamba kale, vinyo woyamba ku Cape anafinya mu 1659. Ndi zaka zoposa 360 akuphunzira nthaka yawo.

Agogo a Mphatso: Ana anga ine sindimwa ndipo mpingo wanga sulola, koma sindikuletsani. Ndingopempha kuti bambo a zaka 70 ngati akumwa mankhwala a BP kapena a shuga mufunse kaye a dokotala. Ndipo amene adzayendetse galimoto kubwerera asalawe.

Anaphiri a ku Luchenza: Zikomo agogo, mwakumbutsa chinthu chofunika. Bambo samwa mankhwala aliwonse pakadali pano koma ndiwafunsabe a nesi a pafupi nafe. Ndipo botolo ndi limodzi, akuluakulu tilipo asanu ndi mmodzi.

Shefu wa pa Chitakale: Botolo ndi 750 ml, anthu 6 ndiye kuti aliyense 125 ml, kagalasi kamodzi kabwinobwino. Mphamvu yake imakhala cha m'ma 12 kapena 13 pa 100, onani pa lebulo, ndiye kuti kuposa kawiri mowa wa m'botolo wamba, si chakumwa chogugudiza.

Tsopano kuzizira, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akhale wozizira cha pa madigiri 8 mpaka 10. Mu fuliji maola atatu, mutulutse mphindi khumi musanathire. Mukazizritsa kwambiri mpaka kuchita ngati ayisi fungo limatsekeka, simumva kanthu. Akatentha amakhala ngati wolefuka ndipo mowa umabaya mphuno. Magetsi akazima musadandaule, ndowa, madzi, ayisi wa pa msika ndi mchere dzanja limodzi, mphindi 20 wazizira. Ayisi mu ndowa, osati mu galasi chonde. Mufiriza musaike, mukaiwala botolo limaphulika.

Anaphiri a ku Luchenza: Magalasi a mwendo aja ndilibe, ndili ndi matambula wamba.

Shefu wa pa Chitakale: Tambula yagalasi yopyapyala ndi yokwanira, bola isakhale ya pulasitiki kapena kapu yachitsulo, ndipo itsukidwe bwino isamanunkhe sopo. Muthire pang'ono osafika theka kuti fungo lipeze malo. Mukagwira gwirani m'munsi kuti dzanja lisatenthetse.

Junior wa ku Muloza: Nanga Nali? Nsomba yopanda tsabola kwathu kuno ndi nsomba ngati?

Wolawa tiyi: Junior botolo la Nali lomwe linalembedwa kuti abale samalani. Ndi wathu wa konkuno ku Thyolo ndipo pa tebulo panga sachoka, koma tsabola ndi mowa zikakumana moto umawirikiza, ndipo lilime likapsa simungamvenso gwafa kapena magalagadeya. Ife tikamalawa tiyi sitidya tsabola mmawa umenewo. Tsabola adikire mlamba.

Aphunzitsi: Amene sangathe kusiya kambuzi, mtundu wa vinyo wake ndi wina. Kuli Gewürztraminer, wotchuka ku Alsace ku France, amanunkhira ngati ma lychee aja amagulitsa m'mbali mwa msewu mu December ndi maluwa a rozi, kawirikawiri amakhala ndi kashuga pang'ono kamene kamaziziritsa tsabola. Riesling nayenso alipo wosatsekemera ndi wotsekemera pang'ono. Ku Alsace kumenekonso ndi mabanja, a Trimbach akupanga vinyo kuyambira 1626, a Hugel kuyambira 1639. Koma pa makumba ootcha ndi ndimu, amene ali naye Anaphiriyo ndi woyenera kale.

Mai a Yamikani: Nanga pambali pa nsombayo aike chani? Nsima?

Shefu wa pa Chitakale: Nsima siilimbana ndi chilichonse, ikhoza. Koma ine ndikanaika mbatatesi yowiritsa kapena chinangwa chokazinga, ndi saladi ya nkhaka ndi mapeyala, mapeyala nde kwathu kuno ngosasowa. Mu saladimo ndimu osati viniga, viniga amapha vinyo. Nanazi wa ku Mulanje adikire mapeto botolo litatha, mukadya chotsekemera kaye vinyoyu amasanduka wowawasa kwambiri.

Achimwene a ku Cape: Mlongo, komanso tisalisungenso mpaka Khrisimasi monga unkanenera poyamba. Pamwamba pa kabati paja pamatentha ndi malata. Liike pansi kuchipinda kozizira, kopanda dzuwa, mpaka Loweruka.

Anaphiri a ku Luchenza: Ndalichotsa kale achimwene, lili pansi pa bedi mu katoni.

Anaphiri a ku Luchenza: Mwadzuka bwanji nonse, ndabwera kudzapereka lipoti monga mwa lonjezo. Dzulo zinayenda. Makumba a Mai a Yamikani anafika amoyo ndithu, asanu ndi limodzi, tinaotcha monga ananenera a Shefu, imodzi yokha ndi imene khungu linakanirira pa waya chifukwa ndinafulumira kutembenuza. Magetsi anazima cha m'ma 10 ndiye ndowa ya ayisi ndi mchere ija inagwira ntchito.

Bambo ndinawauza kuti sizitsekemera. Anatenga tambula, sanamwe msanga, anainunkhiza nthawi yaitali mmene amachitira ndi masamba a tiyi akafuna kudziwa ngati afota bwino, kenako anati muli gwafa wosapsetsa umu. Palibe anawauza za gwafa, ine ndinangoti kukamwa yasa. Analuma nsomba, anapsontha, anakhala chete, kenako anawafunsa achimwene kuti munda wa miyalawo amathirira kangati ndipo mizu imalowa pansi bwanji. Anakambirana za mundawo mpaka nsima ya mlamba inazizira. Alamu anga sanaukonde, anati ngowawasa, anapatsa amuna awo. Mayi analawa kamodzi nkubwerera ku thobwa lawo.

Ine ndinayesa dala kusiya kadontho mpaka pa mlamba wa nsinjiro kuti ndione, ndipo a Shefu munanena zoona, kanangokhala ngati madzi a ndimu, fungo lonse linathawa.

Shefu wa pa Chitakale: Ndasangalala kwambiri Anaphiri. Bambowo ali ndi mphuno, gwafa wosapsetsa ndi ndendende.

Wolawa tiyi: Munthu wa m'munda wa tiyi ameneyo. Muwapatse moni, ndipo muwauze kuti ndidzawabweretsera tiyi woyera alawe, ndikufuna ndimve adzati muli chani.

Junior wa ku Muloza: Ife tinatsegula lathu ndi usipa wofutsa wokazinga, zinakoma, tsabola ndinaika pambali sindinamukhudze mpaka galasi litatha.

Mai a Yamikani: Damu lachiwiri ndikolola kumapeto kwa mwezi wa mawa, muli chilunguni. A Shefu, chilunguni nachonso chingayende ndi vinyo ngati ameneyu?

Shefu wa pa Chitakale: Chingayende Mai, kaphikidwe komweko. Achimwene a ku Cape mukubwerera liti? Ngati mudzadutsenso ku Robertson tisonkherane pa gulu pano mutitengere Miss Lucy uja mabotolo awiri, tidzayesere pa chilunguni cha Mai a Yamikani.

Achimwene a ku Cape: Ndinyamuka Lachitatu, kubweranso ndi pa Isitala. Lembani mayina amene mukufuna, ndione malo m'chikwama.